Mgolo wa Maylis

Mlamu wanga Firmin Sarramon ndi munthu wamfupi, koma mphuno yake ndi ya munthu wina wamtali amene mpaka lero sanabwere kudzaitenga. Lamulungu ikamalowa m'tchalitchi, mwini wake amakhala adakali pamzere wa buledi. Ine ndinaiona koyamba mu 1968 ikusuzumira pa mpanda pathu, ikufunafuna mlongo wanga Léonie, ndipo ndinathamangira m'nyumba kukauza bambo kuti panja pali khasu lopanda mpini likufuna banja. Bambo anatuluka, anaiyang'ana uku ndi uku, n'kufunsa kuti ili ndi mahekitala angati a mphesa. Inali ndi khumi ndi limodzi. Ukwati unachitika chaka chomwecho.

Koma musaiseke. Kuno kwathu ku Armagnac, kumene munthu aliyense wa mutu wake ali ndi mphesa, abakha ndi migolo ya burande kuseri kwa nyumba, mphuno ngati imeneyo ndi chuma. Mum'mange nsalu kumaso Firmin, mumupatse tambula. Akuuzani chaka chimene burandeyo anatchezedwa, munda umene mphesa zake zinachokera, mbali ya kaphiri imene dzuwa linkaziwomba, komanso ngati wotcheza anali atakangana ndi mkazi wake sabata imeneyo. Chomalizachi ndikuchidziwa bwino chifukwa wotchezayo ndinali ine. Zaka 44 ndinkakoka chotchezera changa chamkuwa ndi thirakitala, kuchoka pa famu iyi kupita pa famu iyo, kuyambira Novembala mpaka kuzizira kutafika pachimake. Vinyo yense wa Firmin anadutsa m'manja mwanga, ndipo palibe chaka chimene sanandipezere mlandu.

"Anselme, apa moto unakuchulukira."

"Alamu, munalipo?"

"Mphuno yanga inalipo."

Firmin anabadwira pa famu pomwepo mu 1945, m'chipinda chimene amagonamo mpaka lero. Ku Paris anapitako kamodzi, n'kubwerako tsiku lachitatu akudandaula kuti mzinda wonse ukununkha ngati chidebe chonyowa. Ku chionetsero cha zaulimi anamupempha kamodzinso kuti akhale woweruza, koma anakana kupereka mphoto kwa aliyense, n'kusiya mabanja anayi osalankhulana naye mpaka pano.

Alendo amawakonda, koma kumwa naye burande kuli ngati Misa ya Pasaka, sukhala pansi usanauzidwe. Amadikira nkhomaliro ithe, khofi adutse. Tambula umaifungatira m'dzanja ngati mwanapiye mpaka itafunda. Mphuno suilowetsa mkati ngati nkhumba, umaidutsitsa chapatali. Kadontho kamodzi umakadontheza kuseri kwa dzanja, n'kutikita, n'kudikira ukali uuluke, kenako n'kununkhiza. Ukatero umamwa pang'onopang'ono. Ukamaliza sudzuka ayi. Umakhala ndi tambula yopanda kanthuyo mphindi khumi, ndiye n'kuinunkhiza, chifukwa Firmin amati burande akakhala m'tambula amangolankhula zaulemu, koma akachoka tambulayo imaulula kuti munali ndani. Mlendo wina anapempha madzi oundana oti aponyemo. Firmin anamulanda tambula ija mwaulemu wonse, anamupatsa madzi a pampopi, n'kumuperekeza mpaka pamsewu. Galu wa pakhomopo anakana chakudya masiku atatu chifukwa cha manyazi.

Mwana aliyense kuno amadziwa, asanadziwe n'kumanga nsapato komwe, kuti burande amakula akakhala mumgolo wa matabwa a thundu basi. Ukangomuthira m'botolo la galasi waima pomwepo. Wa zaka khumi adzakhala wa zaka khumi mpaka lipenga lomaliza. Akakhala mumgolo, chaka chilichonse pang'ono amatulukira m'matabwa n'kuuluka, ndipo limenelo timati gawo la angelo. Angelo akuno ndi zidakwa zosabweza moni. Koma mgolo si wosungamo mpaka kalekale. Zaka zikamapitirira 40, mtengo umayamba kumudya burande, kukoma kumatha n'kutsala kuwawa kwa thabwa. Ndiye mwini wanzeru amamusamutsira m'zibotolo zagalasi zamimba zovekedwa dengu, n'kumata pakamwa ndi phula.

Maylis anabadwa pa 19 Novembala 1971, chotchezera changa chili pakhomo pa Firmin, moto uli lawilawi. M'mawa wonse mlamu wanga ankathamanga pakati pa nyumba ndi shedi ngati nkhuku yosowa poikira dzira. Akafika kunyumba azamba ankamuthamangitsa, akafika kwa ine ndinkamuthamangitsa. Cha m'ma 11 koloko mwana analira, ndipo Firmin anatuluka n'kundiuza kuti, "Ndi mtsikana. Mphuno ndi ya amayi ake, Mulungu ndi wachifundo." Ananama. Inali yake yomwe, kungoti Mulungu anaisema kachiwiri ali wosatopa.

Monga timachitira kuno, anagubuduza mgolo watsopano, wa thundu wa m'nkhalango yake yomwe, n'kuudzaza ndi burande wa tsiku limenelo, woyera ngati madzi, waukali ngati mavu. Pamutu pa mgolowo analemba ndi choko kuti MAYLIS 1971. Mgolo wotere sutsegulidwira anthu mpaka tsiku la ukwati wa mwanayo. Bambo ake okha ndi wotcheza ndi amene amalawa, kamodzi pachaka, pa tsiku lobadwa, kuti aone ngati ukuyenda bwino. Tikalawa, Firmin ankalowetsa kamtengo kake koyezera, n'kusema kachizindikiro pamene pafika burande, kenako n'kulemba kamzere kamodzi ka choko pansi pa dzinalo.

Mwanayo anakula chimodzimodzi ndi mgolo wake, woyamba n'kuluma. Ine ankanditchula kuti malume a Mwaye, chifukwa nthawi yotcheza ndinkaoneka ngati ndagona m'chumuni. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anandithirira viniga m'kabotolo kanga ka m'thumba, n'kukhala phee pa chitsa kudikira kuti ndimwe pamaso pa abambo mfumu. Ali ndi zaka 15 ankasonkheza moto wa chotchezera kuposa ine, ndipo ankandikumbutsa zimenezo tsiku lililonse kuopa kuti ndingaiwale. Mgolo uja ankautenga ngati m'bale wake wobadwa naye tsiku limodzi. Ankalowa m'nyumba ya migolo n'kuugogoda ndi nsapato.

"Iwe, ukule msanga. Ine sindidikira mpaka ndimere imvi."

"Usamenye m'bale wako," ankatero Firmin.

"Ndi waulesi, ababa. Amangogona."

Maylis anapeza mnyamata wa ku Nogaro, wosewera mpira wa ragibi, makutu ake ngati kabichi woti mbuzi yalawako. Firmin anamununkhiza pakhomo n'kugamula kuti ndi mgolo woyera bwino, mulibe kanthu, tidzathiramo tokha. Ukwati unaikidwa pa 17 Disembala 1994.

Pa 19 Novembala chaka chimenecho Maylis anakakamira kuti alawe nafe, poti mgolowo ndi wake ndipo kwangotsala milungu inayi. Anaifungatira tambula, anadontheza padzanja, zonse monga anaphunzitsidwira. Atamaliza anadikira, n'kununkhiza tambula yopanda kanthu atatsinzina.

"Mapulamu ouma. Shuga wopserera pang'ono. Ndipo kumapeto kuli tsabola."

"Tsabola ameneyo atha zikapita zaka zina khumi," anatero Firmin.

"Asathe. Ameneyo ndine."

Patapita sabata imodzi, Loweruka m'mawa, kunagwa chifunga choti sungaone dzanja lako. Ine ndinkatcheza pa famu ina kutsidya kwa mtsinje, ndipo ndinali nditaiwala chakudya changa pa tebulo la mlongo wanga. Maylis anachitenga n'kulowa m'kagalimoto kake. Pa kona ya pamlatho panali lole ya chimanga. Nkhani imeneyi ndilibe njira yoikometsera. Ndayesapo zaka zonsezi, ine munthu amene ndimatha kukometsa ngakhale nkhani yozula dzino. Chakudya chija anthu anachipeza pa mpando wakumbuyo, chili chokulungidwa bwinobwino m'kansalu kake.

Maliro atatha, anthu ankaganiza kuti Firmin atsegula mgolowo kuti olira amwe, kapena ausamutsira m'galasi n'kumata. Sanachite chilichonse. Anakhoma nyumba ya migolo n'kuika kiyi m'thumba.

Tsiku lachitatu anapita ku tauni kukasaina mapepala aja amene boma limafuna kuti likhulupirire kuti munthu wafadi. Galimoto itangotuluka pa geti, Léonie anandipeza nditakhala pakhonde.

"Anselme, katenge chubu chako."

"Chubu cha chiyani, achemwali?"

"Usandifunse ngati mwana. Kiyi wina ndili naye."

"Alamu akadziwa andiphikira m'chotchezera changa chomwe."

"Amuna anga ndikuwadziwa. Sadzamuchotsa mumtengo muja. Adzamusiya azikula, azikula, mpaka adzasanduke mayi wina amene ine sindinamuonepo. Ine ndikufuna wanga, amene anatuluka pakhomo pano Loweruka."

Tinatunga malita khumi m'kachibotolo kakang'ono. Ndinamata ndi phula kawiri, ndipo Léonie anakabisa m'chipinda chake cha zakudya, kuseri kwa mitsuko ya nyama ya bakha yoviikidwa m'mafuta ndi mitolo ya adyo. M'chipinda chimenecho Firmin salowamo. Amati fungo la adyo limamugonthetsa mphuno kwa sabata yathunthu.

Chaka chonse chotsatira mlamu wanga sanaseke, sananditukwane, ngakhale burande wanga sanamupezere mlandu. Anaonda mpaka mphuno inatsala ikuyenda yokha ndi chipewa pamwamba. Ndinkachita mantha. Pa 19 Novembala ananditumira uthenga kuti ndibwere monga mwa nthawi zonse. Analowetsa kamtengo kake mumgolo, anakatulutsa, anakayang'ana. Anakalowetsanso. Ine thukuta linali kamukamu ngakhale kunja kunali chisanu.

"Anselme, taona apa. Angelo amatenga chala chimodzi pachaka. Apa pachoka zala ziwiri."

"Mwina kunatentha kwambiri chaka chino, alamu."

"Kutentha kwake kuti? Usakhale chitsiru." Anakhala pa kampando kake, kamtengo kali m'manja, ndipo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachione chaka chathunthu. Pansi pa mphuno paja panayamba kumwetulira. "Wabwera. Ali nawo limodzi angelowo tsopano, ndiye wabwera kudzatenga gawo lake. Ananena kuti sadikira."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, Mulungu ndi mboni. Koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Ndi khalidwe lake ndithu."

Nditakamuuza Léonie kukhitchini, anapitiriza kusenda maapozi. Kenako anati, "Watseka pakamwa lero, utseke mpaka kumanda."

Firmin anauza aliyense. Anauza abambo mfumu, amene anakanda mutu n'kunena kuti mabuku oyera sanenapo kanthu pa nkhani ya malita. Anauza wa positi, dokotala wa ziweto, ndi alendo awiri a ku Holland amene anangoima kufunsa njira. Chaka chilichonse ankayeza ali ndi chiyembekezo, koma pankangochoka chala chimodzi cha angelo wamba. Sankakhumudwa. "Anangobwera kudzatsanzika," ankatero. "Si chidakwa ngati malume ake."

Ndiye zaka zinayamba kuyenda, timizere ta choko tikuchuluka. Famu ija inakhala ngati yagawidwa pawiri popanda wolemba malire. Firmin anatenga migolo, Léonie anatenga khitchini ndi abakha, ndipo nkhani zambiri ankatumizirana kudzera mwa galu. "Ukawauze abwana ako kuti chakudya chapsa." Dzina la mwana wawo sankalitchula ali pamodzi. Pa 19 Novembala Léonie ankaphika keke ya maapozi, ija ya mtanda wopyapyala woti ungawerenge nyuzipepala kuseri kwake, koma m'nyumba ya migolo sankapondamo. Tinkapita awiri. Firmin ankalawa n'kundiuza za mwana wake ngati wangochoka kumene kukamuona.

"Wakwanitsa 30. Wayamba kufatsa, wamva? Uchi wayamba kumveka."

Pa 35 anati, "Pano ali ndi ana awiri, ameneyu. Watopa pang'ono, koma mtima ndi wabwino."

Pa 40 anati, "Wayamba kufanana ndi amayi ake. Amakulandira bwino, kenako amakuluma ukamatuluka."

Ndipo zoona zake, burande ameneyo pakati pa zaka 30 ndi 40 anali chinthu chabwino koposa chimene manja angawa anapanga. Ankanunkhira mtedza, fodya wa m'kaliwo, chikopa cha chishalo chakale, ndi maluwa ena amene dzina lake sindinalidziwe. Ukamwa kadontho Lachisanu, Lolemba unkakamvabe pakhosi. Wogula wina wa ku Bordeaux anamva mbiri yake n'kubwera atavala nsapato zowala. Anabwerera ndi mazira khumi ndi awiri komanso malangizo a njira yachidule.

Atakwanitsa 42 ndinayamba kulankhula.

"Alamu, nthawi yakwana. Tiyeni timuike m'galasi mtengo usanamudye."

"Ukufuna ndimuike m'manda kachiwiri?"

"Sindinatero."

"M'galasi munthu sakula. Ukudziwa zimenezo, kapena mwaye unakulowa m'mutu?"

Ndinasiya. Pa 44 kuwawa kunayamba chapatali, ngati munthu akutsokomola m'chipinda china. Pa 47 kunali kutakhala pa mpando wakutsogolo, miyendo itatambasula. Firmin ankalawa n'kundiyang'ana, ine n'kumati, "Ali bwino, alamu, akukula bwino." Ine ndanamizapo anthu a msonkho, ndanamizapo abambo mfumu atatu motsatizana, ndanamizapo malemu mkazi wanga za kumene kunapita theka la nkhumba, ndipo nthawi zonse ndinkagona tulo tabwino. Bodza ili lokha ndi limene linkandikhala pachifuwa.

Mu 2021, masamba a mphesa atayamba kufiira, Léonie anandiimbira foni. Anati Firmin akumatsetserekera ku migolo ndi nsanza m'mawa uliwonse. Nditapita ndinapeza pansi pa mgolo wa Maylis pali chibanga chakuda chonyowa. Thabwa limodzi lapansi linali litafumbwa, linkadontha. Ndinaugogoda ndi chala, unalira ngati ng'oma. Mgolo wotero sungaukonze burande ali mkati. Ndinaona kuti pofika Khirisimasi mukhala mutatsala fungo lokha.

Pa 19 Novembala tinadya nkhomaliro mwakachetechete, khofi anadutsa, tinatsetsereka awiri. Firmin anatunga, anathira m'matambula awiri. Tinafungatira, tinadontheza padzanja, tinamwa. Tinakhala mphindi khumi zija. Iye anatulutsa choko n'kulemba kamzere ka 50. Ndiye anandiyang'ana, kudikira bodza lake la pachaka.

"Alamu," ndinatero, "tikumwa chitseko."

Anabweza choko m'thumba, ine n'kupitiriza.

"Chitseko cha khola. Ngati mukufuna kundimenya ndimenyeni, koma Maylis mulibe umu. Ndipo chotsalacho chikuthera pansi."

"Ukuganiza kuti mphunoyi ndinaiika kuti izikongoletsa nkhope?" Analankhula motsitsa, akuyang'ana m'tambula yopanda kanthu. "Ndinadziwa iwe usanadziwe. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, ndikanunkhiza umu ndimapeza mtengo wokha. Mulibe munthu."

"Nanga bwanji munkandisiya ndizinama?"

"Unkanama bwino. Ndi ntchito yokhayo imene umaigwira osapsereza." Anazunguza tambula ija m'manja. "Ndikamuika m'galasi, Anselme, pa 19 Novembala ndizidzachita chiyani? Chaka chamawa adzakhala ndi zaka zingati?"

Ndiye tinamva kulira kwa wilibala. Wilibala ya mlongo wanga, yonyamulira chimanga cha abakha, ili ndi gudumu limene limalira ngati mphaka wopondedwa mchira, ndipo limamveka mpaka mudzi wachitatu. Inkabwera pang'onopang'ono kuchokera kunyumba. Inaima pakhomo. Léonie, mayi wa zaka 74, amene anali asanaponde m'nyumba imeneyo zaka 27, analowa chafutambuyo akuikoka. Mkati mwake, pa thumba lopinda, munali kachibotolo kaja, fumbi lili mbuu, kakununkha adyo dengu lonse.

Ine ndinayang'ana zenera. Linali laling'ono kwambiri moti sindikanathawirapo.

Léonie anathyola phula ndi mpeni wa kukhitchini, anatenga tambula yoyera, n'kundipatsa kuti ndithire poti manja anga ndi ozolowera. Ozolowera kumene, theka linathera pa nsapato zanga. Anaipereka kwa amuna ake.

"N'chiyani ichi?"

"Nunkhizani. Si inu mphuno ya dziko lonse?"

Anaifungatira mwa chizolowezi chabe. Anaidutsitsa chapatali kamodzi. Kachiwiri sanafike nayo, dzanja linaima m'malere.

"1971," anatero. "Munda wa kumtunda. Mgolo uwu. Zaka 23."

"Eya."

"Anatunga ndani?"

"Ine ndi mlongo wangayu. Tsiku limene munapita kukasaina mapepala."

"Malita angati?"

"Khumi."

Firmin anaika tambula ija pa mgolo mosamala. Anatenga kamtengo kake koyezera, anayendetsa chikhadabo pa tizizindikiro tija kamodzikamodzi mpaka anafika pa mpata waukulu wa 1995, pamene anakhala akupasisita zaka zonsezi mpaka panasalala. Chala chimodzi cha angelo, china cha malita khumi.

"Ndiye kuti sanabwere."

"Sanabwere, Firmin. Ndinali ine."

"Ndinauza abambo mfumu. Ndinauza anthu a ku Holland."

"Ndikudziwa. Ndinkamva ndili kukhitchini."

"Zaka 26 mukundiyang'ana ndikunena zimenezo."

"Mukanena zimenezo munkadya. Chaka choyamba chija simunkadya."

Anatuluka osavala chipewa. Tinamuonera pachitseko akukwera m'mizere ya mphesa zopanda masamba, n'kukaima pamwamba atatifulatira.

"Achemwali, mwawapha," ndinatero.

"Akanafa pa Khirisimasi atagwada pansi ndi nsanza. Khala chete."

Anakhalako pafupifupi ola lathunthu. Atabwera sanatiyang'ane. Anatenga tambula ija, imene inali itazizira, anayambiranso kuifungatira. Anadontheza padzanja. Anamwa pang'onopang'ono mpaka inatha. Kenako anakhala pa kampando kake, ndipo tonse atatu tinadikira mphindi khumi zimene ndikukhulupirira kuti zinatenga mwezi. Ndiye anakweza tambula yopanda kanthu, anatsinzina.

"Mapulamu ouma," anatero. "Shuga wopserera." Ananunkhizanso. "Tsabola uja alipo, Léonie. Sanathe."

Mphuno ngati imeneyo ikamalira si nkhani yaing'ono. Mpango wake unatha, wanga unatha, epuloni ya mlongo wanga inalowa ntchito. Za ine musandifunse. Mwaye wa zaka 44 umatulukira m'maso nthawi imene wafuna.

Atadzipukuta anatembenukira kwa ine. "Iwe wakuba. Katenge chubu chako chija, poti njira chikuidziwa kale."

Tinaukhuthula mgolowo dzuwa lisanalowe. Pa malita 400 amene ndinathiramo ndi manja anga, angelo ndi nthaka anatisiyira ongokwana chibotolo chimodzi chachikulu. Ndinamata ndi phula. Firmin anachikankhira pakona, anatenga kakang'ono kaja n'kukaika pambali pake. Pa dengu la chachikulu analemba 50, pa la kakang'ono analemba 23. Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyang'ana.

"Taonani, Léonie," anatero. "Wamkuluyu akanatha kukhala mayi wake wa wamng'onoyu."

Mlongo wanga anangokhala pansi m'wilibala muja.

Tsopano pa 19 Novembala timatsetsereka atatu. Firmin amathira kuchokera m'kakang'ono, pang'ono kwambiri moti ntchentche ingadandaule, ndipo akuti pa mlingo umenewo otsalawo adzatha zidzukulu za galu wake zitaiwalika. Chachikulucho sachitsegula. Zaka satchulanso. Ine sanandikhululukire. Pamsika, pamaliro, ngakhale m'tchalitchi amanditchula kuti Mngelo Anselme, ndipo akandiona ndikulowa pa geti amauza galu kuti akalondere migolo. Léonie amalankhula naye tsopano osadzera mwa galu, dzina la Maylis limamveka pa tebulo nthawi zina, koma nkhani ya 1995 sanaitchulenso, ndipo kamtengo koyezera kaja sindinakaonenso.

Mgolo wopanda kanthu uja udakali pamalo pake, ndi timizere take 50. Choko amayendabe nacho m'thumba la jekete. Léonie akamachapa amachitulutsa, n'kuchibwezera momwemo jekete ikauma. Tikamaliza kulawa, Firmin amaphimba tambula yake yopanda kanthu ndi mpango, n'kukwera nayo kunyumba ataigwira ndi manja awiri. Amaiika pa zenera la kuchipinda, ndipo palibe amene amaloledwa kuitsuka mpaka fungo litatheratu. Iye amati limafika Khirisimasi. Ine ndinaba mpata ndinainunkhiza tsiku lachinayi, sindinamve kanthu, koma mphuno yanga ndi ya munthu wamba.